Lero ku Fairfield House

Ndinakwera sitima m'mawa kupita ku Bath, mzinda wa ku England, kukaona nyumba imene mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, inabisalamo ndi banja lake nthawi ya nkhondo. Ili chakunja kwa tauni, mbali ya Newbridge, pakati pa mitengo. Kwathu dzinali timalidziwira pa msewu uja wa mu Blantyre ndi pa Emperor's View pamwamba pa phiri la Zomba, pomwe anakaima mu 1965, choncho timangomuganizira ali mu ulemerero wake. Kuno anafika ali wothawa kwawo.

Asilikali a Mussolini, mtsogoleri wa ku Italy, analowa mu Ethiopia mu Okutobala 1935. Pofika Meyi 1936 mfumu inali itachoka mu Addis Ababa, ndipo chaka chomwecho inagula nyumbayi, n'kulowamo ndi mayi a kunyumba, a Menen, ana, adzukulu, ansembe ndi antchito. Ndalama zinayamba kuchepa mpaka malasha otenthetsera nyumba ankavuta kugula. Zipinda zake n'zazikulu, denga lili patali. Ine ndi jekete langa lomwe, mphepo imandilowabe m'mapazi.

Chandigwira mtima kwambiri ndi mauthenga a maliro amene ankafikira pakhomo pano. Mu Febuluwale 1937 Ataliyana anapha anthu miyandamiyanda mu Addis Ababa, ndipo mwezi womwewo anaphanso Ras Desta, mkamwini wa mfumu, mwamuna wa mwana wake Tenagnework. Palibe anapita kukaona nkhope, palibe anakagona pasiwa. Ife okhala kuno timaudziwa ululu umenewu: foni imalira usiku, iwe n'kukhala pabedi osadziwa kolowera, kutacha n'kupita kuntchito. Mu 1938 imfa inalowa m'nyumba momwemo, inatenga nduna yake yokhulupirika, Heruy Wolde Selassie.

Komabe sanangokhala manja lende. Mwana wina wa mfumu, Tsehai, anakaphunzira unamwino ku London. Bambo ake anachoka mu 1940 kulowera ku Sudan, ndipo pa 5 Meyi 1941 analowanso mu Addis Ababa.

Mu 1958 anapereka nyumbayi kwa mzinda wa Bath kuti izithandiza okalamba. Mpaka lero agogo ochokera ku Caribbean, Asia ndi Africa amakumanamo, kudya ndi kucheza, pomwe Marasta ndi Akhristu a ku Ethiopia amabwera kudzapemphera. Ndamuimbira mlongo wanga ndili pa siteshoni kuti ulendo wina tidzabwere ndi ana ake.