Msilikali wanga wasiya kusuzumira

Anzanga, lero m'mawa msilikali wanga wa m'masewera a pakompyuta amene ndikupanga wathawira kuseri kwa khoma n'kukhala phee komweko. Masiku asanu ndi limodzi ndakhala ndikulimbana ndi kanthu kameneka.

Msilikaliyu amatsatira behaviour tree, mtengo wa malamulo omuuza chochita. Pamwamba pa mtengo wanga pali selector, kachigawo kosankha imodzi mwa nthambi ziwiri, yobisala ndi yolondera. Akaona mdani, yobisala imagwira, iye liwiro ku khoma. Koma akangofika kuseriko, iye samuonanso mdani, condition (funso loti "ukumuona?") imabweza failure, kutanthauza ayi, ndipo pa tick yotsatira, pamene mtengo ukusankhanso chochita, mtengo umamubwezera kolondera. Atuluka, amuona, abwerera. Kutuluka, kulowa, kutuluka, ngati mbewa pa una, mpaka chipolopolo chimupeze.

Ndinakayikira navmesh, mapu a malo amene msilikali angayendemo, ndinaikonzanso katatu. Ndinachepetsa liwiro lake, ndinasuntha makoma, osathandiza. Lachitatu usiku malaiti atathima, ndinajambula mtengo wonse papepala, tochi ya foni ili kukamwa, n'kumatsata tick imodziimodzi ndi pensulo. Mpamene ndinaona kuti navmesh ilibe mlandu. Msilikaliyo amaiwala basi. Chimene maso ake sakuona, kwa iye kulibe.

Ndiye pa blackboard, pamene msilikali amasungapo zokumbukira, ndaikapo nthawi ndi malo amene anaona mdani komaliza. Condition tsopano sifunsa kuti "ukumuona?" koma "wamuona m'masekondi 8 apitawa?" Mizere inayi yokha ya code.

Chondisangalatsa kwambiri n'chakuti kanthambi komweko ndakalumikiza kwa wa mfuti yaikulu ndi kwa wonyamula ovulala osasintha kalikonse, aliyense ndi blackboard yake. Chaka chatha ndi state machine, njira imene ndinkagwiritsa ntchito ndisanayambe mtengowu, ndikawonjezera khalidwe limodzi ndinkaphwasula ena atatu. Zimene Damian Isla anafotokoza ku GDC, msonkhano wa opanga masewera a pakompyuta, mu 2005 za adani a m'masewera a Halo 2 ndayamba kuzimvetsa ndi manja anga, kuno ku Chipata, pa Godot 4 ndi LimboAI, mapulogalamu amene ndikupangira masewerawa.

Laputopu nayo ikupirira. Mnyamata wina wokonza mafoni pafupi ndi msika wa Kapata anandipezera RAM ya 8GB, ndiye asilikali 40 akuyenda osakakamira. Ngati mukufuna zida zakale koma zamoyo, kam'funseni, sanama mtengo.

Chotsatira ndi gulu: mmodzi aziombera pamene mnzake akuwoloka. Koma mtima wanga uli pa impi (gulu lankhondo la Angoni) ya Nsingo, mwana wa Mpezeni, imene inamenyana ndi asilikali a Britain mu 1898. Ndikufuna ankhondo mazana a zishango ndi mikondo akuzinga mdani mbali zonse ziwiri, ndikawaonetse azibale Nc'wala ikadzafika ku Mtenguleni mu February.