Mmene ndinasamutsira webusaiti pa seva ina osaisowetsa

Webusaiti ya shopu ya alamu anga inkachedwa kutseguka, ndiye tinagwirizana zoisamutsira pa seva ina. Kukopera mafayilo sikuvuta. Pamene pamafunika mutu ndi pa DNS, pomwe dzina la webusaiti limalumikizidwa ndi IP address ya seva, nambala imene makompyuta amapezera sevayo pa intaneti.

Ndinayamba kutatsala tsiku limodzi. Nditalowa mu akaunti ya domain, kutanthauza dzina la webusaitilo, ndinapeza TTL, nthawi imene ma seva a DNS amauzidwa kusunga yankho, ili pa 86400. Amenewa ndi masekondi, tsiku lathunthu. Ndiye kuti seva ya DNS ya kampani imene imakupatsani intaneti ikafunsa kamodzi IP ya webusaitiyo, yankholo imalisunga maola 24 osafunsanso. Ndinaitsitsa kufika pa 300, mphindi 5, n'kudikira tsiku lonse kuti yankho lakale lithe ntchito kulikonse. Ambiri amapupuluma pamenepa, zikavuta n'kumati kusinthako kukufalikira. Kunena zoona palibe chimene chimafalikira, ma seva amangodikira kuti nthawi imene munawauza ikwane.

Kutacha ndinaika IP yatsopano pa A record, mzere wa mu DNS umene umalumikiza dzina ndi IP. Record ya dzina loyamba ndi www sindinaikhudze chifukwa ndi CNAME, imangotsatira dzina lalikulu. AAAA record, ya IPv6 (mtundu watsopano wa IP address), ndinaisinthanso, apo ayi ena akanamafikabe pa seva yakale osadziwa chifukwa chake. MX, record imene imanena kumene maimelo azifikira, ndiyo ndinaiyang'anitsitsa kwambiri, poti maoda a shopu amadzera pa imelo. Mwayi wake inkaloza dzina lina lokhala ndi A record yakeyake, choncho ndinaisiya momwemo.

Poyesa ndinalemba nslookup, lamulo lofunsira seva ya DNS, kenako dzina la webusaiti, kenako 8.8.8.8, IP ya seva ya DNS ya Google. Ndinabwereza ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare. Konse kunabwera IP yatsopano, koma laputopu yanga inkaumirirabe yakale mpaka nditalemba ipconfig /flushdns, lamulo lofufuta mayankho a DNS amene kompyuta yasunga. Zitatero ndinatenga satifiketi ya HTTPS, yotetezera kulumikizana ndi webusaiti, ku bungwe la Let's Encrypt, poti njira yake yodziwika imafuna kuti dzina likhale likuloza kale seva yatsopanoyo.

Posakhalitsa foni inalira.

"Alamu, kunotu ikuoneka yakale yomwe ija."

"Tazimitsani Wi-Fi, muyese ndi data ya pafoni."

Inatseguka yatsopano. Rauta ya mushopu ndiyo inali itasunga yankho lakale, ndipo ataizimitsa n'kuiyatsanso zonse zinalongosoka.

Seva yakale sindinafulumire kuitseka, chifukwa alipo ma seva a DNS amene salabadira TTL yochepa. Maulendo obwera kumeneko atatheratu mu log, fayilo imene seva imalembamo maulendowo, ndinaitseka n'kukweza TTL kufika pa 3600, ola limodzi.