Ndinapita kukasewera ski, kumudzi anayamba kusonkha za maliro

Kuno ku Bologna, ku Italy, pali nkhani ziwiri zimene sungatsutsane ndi mdala aliyense, chakudya ndi Alberto Tomba. A landilodi anga amakhala ku San Lazzaro di Savena, dera lomwelo limene Tomba anakulira, ndipo pabalaza pawo pali zithunzi zitatu, cha Papa, cha malemu akazi awo ndi cha Tomba. Chachikulu mwa zitatuzi sindikuuzani, koma si cha Papa ndipo si cha malemu.

Ndiye mwezi uliwonse ndikapita kukapereka lendi amandikhazika pansi, kakhofi kowawa kaja m'kapu yaing'ono, kenako ulaliki umayamba. Ine poyamba sindinkadziwa kuti Tomba ndi ndani, ndinkaganiza ndi wampira, koma pano mutandidzutsa pakati pa usiku ndikhoza kukulakatulirani mbiri yake yonse. Anabadwa mu December 1966, mwana wa munthu wa bizinesi ya nsalu, wa m'tauni weniweni. Mdalayo amati nthawi imeneyo akatswiri a ski, masewera otsetsereka pa sinowo, ku Italy ankachokera kumapiri a kumpoto kuja, anthu ofatsa osayankhula ngati Gustav Thöni amene anatenga chikho cha World Cup kanayi m'ma 1970, ndiye kunangotulukira kamnyamata ka ku Bologna, kojintcha, kokonda kudya ndi kuvina, kokamwa kosatseka. Mu November 1987 kanawina koyamba ku Sestriere, patangopita masiku awiri kanawinanso n'kumusiya katswiri wa ku Sweden Ingemar Stenmark kumbuyo, anthu n'kuyamba kukatchula Tomba la Bomba.

Akafika pa Calgary 1988 mdalayo amaimirira. Golide awiri pa Olimpiki imodzi, giant slalom ndi slalom, mipikisano yotsika mokhotakhota pakati pa mitengo yozika, ndipo wa slalom anamupeza ndi masekondi 0.06 okha basi. Tsiku limenelo mpikisano wa nyimbo wa Sanremo, umene dziko lonse limaonera pa TV, anauimitsa kaye kuti anthu aone Tomba akutsika. Bambo ake anali atamulonjeza Ferrari akawina golide. Ku Albertville mu 1992 golide wina, ku Lillehammer mu 1994 anali nambala 12 atatsika koyamba koma potsika kachiwiri anakathera pa siliva, mu 1995 anatenga chikho chachikulu atawina mipikisano 11 chaka chimodzi, mu 1996 golide awiri pa mpikisano wa dziko lonse ku Sierra Nevada, n'kudzasiya mu 1998 ku Crans-Montana atawina ka 50. Anasiya atawina aise, sanadikire kuti achite kumuuza kuti mwakula.

Koma mawu amene anandilowa m'mutu ndi amodzi. Mdala uja anati, "Iwe mnyamata, Tomba sanali wa kumapiri. Ankachitira ma pulakatisi pompa apa pa Corno alle Scale, phiri lathu lomweli." Ndinafunsa kuti phirilo ndi lalitali bwanji, akuti mamita 1,945. Ndinaseka. Ndinati bambo, kwathu kuli Mulanje, Sapitwa ndi mamita 3,002, lanulo ndi mwana. Ndinawonjezeranso kuti ine ndine wa ku Dedza, chisanu ndinabadwa nacho. Mdala sanayankhe, anangolowa kuchipinda n'kutuluka ndi chikwama chonunkha mankhwala a njenjete.

M'chikwamamo munali suti yawo ya ski ya m'ma 1980, ija yolumikiza kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, zipi imodzi kutsogolo, mtundu wake pinki ndi girini wowala moti munthu akhoza kukuona ali ku Modena. Akuti anaivala tsiku lina ku Madonna di Campiglio pokaonera Tomba, ndiye ndi yodalitsika. Vuto ndi loti mdalayu ali mnyamata anali woonda, pomwe ine tortellini ya kuno yandikonda. Zipi inakwera koma pokwerapo tinathandizana anthu awiri.

Loweruka lake tinanyamuka m'mamawa pa kagalimoto kawo, kudutsa Lizzano in Belvedere, msewu wokhotakhota mpaka pamwamba. Pobwereka zida anandiuza kuti kuyambira 2022 lamulo la Italy limafuna aliyense wosewera ski akhale ndi inshuwalansi yolipirira anthu amene ungawavulaze. Ine ndinati ndivulaza ndani ine, munthu wa mtendere? Mayi wa pa kauntala anayang'ana suti ija kuyambira pamwamba mpaka pansi n'kunena kuti lipirani bambo.

Nsapato za ski, abale, amene anazipanga anali ndi mkwiyo. Ndi pulasitiki youma gwa, yofika pa katumba, bondo limakhala lopindika pang'ono nthawi zonse ndipo chidendene sichigwedera, ndiye umayenda ngati bakha amene wamangidwa miyendo akupita naye kumsika. Kuchoka pa shopu kufika pa sinowo ndi mtunda woti mwana angaponye mwala, koma ndinafika thukuta lili kamukamu mkati mwa suti.

Pamalo a ophunzira zinayenda bwino ndithu, ndisaname. Mdala anandionetsa kuti ukafuna kuima umasonkhanitsa nsonga za ma ski kutsogolo, kumbuyo n'kutangadza, ukafuna kukhota umalemetsa mwendo umodzi. Ndinagwa inde, koma kugwa kwaulemu. Chimene chinkandiwawa ndi tiana, tina tosafika ngakhale m'chiuno mwanga, tovala zipewa zazikulu kuposa mitu yawo, tikundidutsa fyuu fyuu popanda ngakhale ndodo, kena mpaka kanaima n'kundifunsa ngati ndikufuna thandizo. Ndinakauza kuti ndikupuma chabe.

Masana tinadya polenta, imene ndi nsima ndithu koma yachikasu, ndiye munthu wa ku Dedza ukampatsa nsima kunja kukuzizira mukudziwa zimene zimachitika. Ndinadya yanga, ndinamalizanso ya mdala. Suti inayamba kudandaula chapansipansi koma sindinaimvere.

Apa ndi pamene ndinati basi, nthawi yakwana, ndikukwera pamwamba. Mdala mawondo anatha kale ndiye anati adikira m'munsi. Ndinawapatsa foni yanga, kuwatsegulira gulupu ya WhatsApp ya kubanja kwathu, n'kuwauza kuti bambo, mukangondiona ndikutsika jambulani, ndipo chilichonse mwajambula tumizani pompo apa, anthu aone kuti mwana wawo ali pati. Anandiuza kawiri konse kuti ukatsika lifiti utsate zikwangwani za buluu, buluu ndi njira yofatsa, yofiira ndi ya odziwa, yakuda usaiyang'ane n'komwe.

Lifiti yake ndi mpando wolendewera pa chingwe ndipo suima kuti ukwere, umangokuwola kumbuyo n'kukunyamula. Kukwera kunali bho. Kutsika ndiye palibe anandiuza kuti mpandowo suimanso. Anzanga amene ndinakhala nawo anangoimirira n'kutsetsereka mwaulemu, ine ndinaimirira mochedwa, mpando unandimenya m'matako, ndinagwa chafufumimba ma ski atapingasana, wa lifiti anaimitsa makina onse ndipo anthu onse amene anali m'malere mpaka kumunsi anali lende kudikira kuti wa pinki adzuke.

Nditadzuka kunali kutabwera nkhungu, phiri limenelija nyengo imasintha msanga. Zikwangwani sizinkaoneka bwino, koma chimodzi ndinachiona, chinali ndi dzina la Tomba, chifukwa kumeneko kuli njira zimene anazitcha dzina lake. Mumtima ndinati ichi ndi chizindikiro. Munthu ndavala suti yodalitsika, ndamva ulaliki miyezi yonseyi, ndiye ndikatsike njira ya ana?

Poyambira panali pabwino. Kenako phiri linangotha. Ndikunena kuti kutsogolo kwanga kunalibenso pansi, kunali mpweya ndi timitengo tating'ono kutali uko. Ndinasonkhanitsa nsonga monga anandiphunzitsira koma apa sinowo inali youma, yoterera, ma ski ankangolira kwee osagwira kanthu, liwiro likungowonjezereka, ndinayamba kuitana Yesu, kenako amayi, kenako ndinangoyamba kukuwa opanda mawu. Chakumunsi ana a kalabu ina ankachita ma pulakatisi a slalom, atazika mitengo yawo yofiira ndi ya buluu ija. Tomba ankadutsa pakati pa mitengo imeneyi akuimenya ndi dzanja mwadala kuti adule njira. Inenso ndinaimenya, koma ndi nkhope, chifuwa, ndipo umodzi unadutsa pakati pa miyendo, sindifotokoza zambiri pali ana pano. Kochi wawo ankakuwa, ana anabalalika, ine ndinangodutsa.

Kenako ndinakhala pansi mwadala kuti mwina ndiima. Apa ndi pamene suti inati yatopa. Inang'ambika kuyambira pamsana mpaka pakati, phokoso lake ndinalimva ngakhale mphepo inali m'makutu, ndipo sinowo yonse ya Corno alle Scale inayamba kulowa pa khomo limenelo. Nsalu ya suti zakalezi ndi yoterera, ukagwa suima, ndiye ndinapitiriza ulendo chagada, ski imodzi itachoka, ndodo zitapita kwawo, mpaka ndinakakodwa mu neti ya olenji ya m'mbali mwa njira.

Anyamata opulumutsa anthu anafika msanga, aulemu kwambiri, mmodzi ankayesetsa kuti asaseke mpaka misozi. Bondo linali litatupa ndiye anati usayende. Anandigoneka m'kabwato kawo kokoka pa sinowo, kundikulunga m'chinsalu cha pulasitiki thupi lonse, kumanga malamba atatu, manja ali pachifuwa, ndipo poti potsika sinowo imawaza kumaso anandiphimbanso nkhope. Ndinafika m'munsi chonchi, anthu atazungulira, wina atavula chipewa chifukwa chotentha.

Mdala anachita zimene ndinawatuma. Anajambula, anatumiza. Chichewa sadziwa, Chizungu sadziwa, ndiye sanalembe mawu aliwonse, chithunzi chokha. Ndipo foni ikazizidwa batire imatha mwadzidzidzi, yanga inazima pompo m'manja mwawo.

Kwa dokotala anati palibe chathyoka, ndi kubinya chabe, ndipume masabata angapo. Tili pa benchi mdala akundilimbitsa mtima kuti usadandaule, Tomba yemwe anathyoka fupa la paphewa mu 1989 pa super-G ku Val d'Isère, ndipo mipikisano ya liwiro kwambiri ija ankaipewa. Ndinafunsa kuti kodi iyeyo anayamba ski ali ndi zaka zingati? Akuti aa, ali kamwana, bambo ake ankapita naye kuphiri kuyambira ali wamng'ono. Ndinawayang'ana. Ulaliki wonse uja ndime imeneyi ankaidumpha.

Foni ndinaitchaja usiku titafika kunyumba. Itangoyaka inayamba kunjenjemera osaleka mpaka inagwa pa tebulo. Ma missed call osawerengeka, ma voice note a azakhali akulira motchula mayina a makolo onse amene anatsogola, asisi anga akufunsa ngati pali amene ali ndi nambala ya embase, amalume atalemba kale kuti tisadikire, kubweretsa thupi kuchokera ku Ulaya ndi ndalama zambiri, aliyense ayambe kuponya kangachepe pa nambala yawo. Amfumu anali atauzidwa. Amayi a kumpingo anali atafika kale pakhomo. Mnzanga wina amene anandibwereka ndalama chaka chatha n'kusiya kuyankha mameseji anga anaika chithunzi changa pa status ndi mawu ataliatali, akuti ndinali m'bale wake weniweni, munthu wopatsa wosawerengera. Ameneyo ndinayamba kumuyankha iyeyo, ndinangolemba kuti ndikuwerengera.

Nditaimba video call anayankha ndi azakhali. Atangoona nkhope yanga anaponya foni n'kuthawa, ndinkangoona denga ndi kumva anthu akugundana pakhomo. Amayi ndi amene anaitola. Sanalire, sanaseke, anangoti, "Tayendetsa mutu." Ndinayendetsa. "Dzina la agogo ako aakazi ndani?" Ndinatchula. Ndiye anapuma n'kuyamba kundikalipira, kuti anthu amapita kunja kukagwira ntchito iwe ukukatsetsereka pa phiri ngati ulibe nzeru, ndipo chovala cha pinki chikuoneka kumapaziko ndi cha ndani?

Mawa lake amalume anandiimbira paokha. Anati mphwanga tathokoza Mulungu kuti uli moyo, koma pali kankhani. Ndalama zimene anthu anaponya zina tinagula kale shuga, nkhuni ndi matumba awiri a ufa, komanso anthu anabwera aja sitikanawabweza ndi njala, mbuzi ija inapita. Pano eni ndalama akuti popeza maliro kulibe, zawo zibwerere. Ndinati ndiye ine ndipange bwanji amalume? Akuti maliro anali ako.

Ndinatumiza. A landilodi nawonso awonjezera ya telala pa lendi ya mwezi uno.