Musanalipire kuti akuikireni graphics card mu laputopu

Abale, nonse amene muli ndi laputopu ya Intel UHD, Iris Xe kapena AMD Radeon Vega, imvani izi musanataye ndalama. Graphics (gawo lojambula zithunzi ndi magemu pa sikirini) ya mtundu umenewu ili m'kati mwa purosesa momwemo, ndipo purosesayo anaiwotcherera pa motherboard. Siichotsedwa, siisinthidwa.

Chomwe chimathandizadi ndi RAM, chifukwa graphics imeneyi ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM ya kompyuta. Tsegulani Task Manager ya mu Windows, pitani pa Performance kenako Memory, muone pamene alemba Slots used. Mukapeza 1 of 2, kutanthauza kuti mwa malo awiri oikamo RAM amodzi okha ndiwo ali ndi RAM, laputopu yanu ikuyendera mwendo umodzi. RAM ziwiri za 8GB zimaposa imodzi ya 16GB, poti dual channel, kutanthauza RAM ziwiri zogwira ntchito pamodzi, imatsegula njira ziwiri zodutsamo data. Gulani SO-DIMM (RAM ya laputopu) yofanana ndi yomwe ilimo kale: RAM ya mtundu wa DDR4 siilowa m'malo a DDR5, kamphako kake kali posiyana. Chonde zimitsani, muzule chaja ndi batire musanagwire m'katimo.

Kenako fumbi. Fani ikatsekeka, purosesa imatentha n'kudzichepetsera liwiro yokha. Chotsani fumbilo, pakani thermal paste watsopano (mafuta othandiza kuchotsa kutentha) pa purosesa, ndipo posewera magemu lumikizani chaja. Ma driver atsopano, mapulogalamu oyendetsa graphics, tengani kwa Intel kapena AMD.

Graphics card yakunja, eGPU, nthawi zambiri imafuna kabowo kolumikizira ka Thunderbolt 3, 4 kapena USB4. USB-C wamba sangathe ngakhale kabowo n'kofanana. Pa Thunderbolt pamakhala kachizindikiro ka mphezi. Ndipo khadilo pamodzi ndi bokosi loliikamo zimadula ndithu.