Mmene ndinatsekera njira za adani a nkhuku zanga ku Mchengautuwa

Nkhuku ikasowa kapena ndikaipeza yakufa, ndimayamba ndazungulira bwalo lonse, maso pansi, kuti ndidziwe amene wachita. Za waya ndi misomali zimabwera pambuyo. Mdani aliyense ali ndi nthawi yake, polowera pake ndi kadyedwe kake, ndipo ambiri amasiya umboni. Ine ndimaweta nkhuku zachikuda ndi za mikolongwe kuseri kwa nyumba ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu, chakumunsi kumene kuli dambo, nthochi ndi tchire la m'mapoloti osamangidwa, ndipo kumalo kotere chilichonse chokhala ndi mano kapena zikhadabo chimadziwa kuti pakhomo pano pali nyama.

Galu savuta kumuzindikira. Amapha masana, amapha zambiri kuposa zimene angadye, ndipo mumapeza mitembo ili mbwee, nthenga paliponse, misana yolumidwa. Vumbwe kapena mphaka wolowerera kutchire amabwera usiku, amagwira pakhosi, nthawi zina n'kudya mutu ndi chifuwa chokha. Likongwe amayenda dzuwa likuswa mtengo, amazemba m'mphepete mwa mpanda, ndipo chimene amafuna kwambiri ndi anapiye ndi mazira. Kabawi ndi khwangwala sasiya kanthu, mumangomva thadzi likulira mwachilendo, mukawerenga anapiye mmodzi palibe. Makoswe amatenga anapiye usiku kunsi kwa make. Njoka imameza mazira, chisa n'kutsala chopanda ngakhale chigoba. Ndiye pali mdani wamiyendo iwiri: mukapeza chitseko chili pululu, pansi popanda nthenga kapena dontho la magazi, ndipo zasowa zonenepa zokhazokha, musavutike kuneneza likongwe.

Usiku wina ndinataya misoti yambiri, koma umboni sunali womveka bwino, chifukwa kunagwa mvula yowaza ija ya kuno imene imafafaniza chilichonse. Madzulo otsatira ndinasefa phulusa n'kuliwaza mozungulira khola, pansi pa denga pomwe sipanyowa. M'mawa panali mapazi a mphaka, aakulu kuposa a mphaka wathu, olunjika pakona imene chigwagwa china chinali chitafumbwa. Apa m'pamene ndinadziwa kuti vuto langa lalikulu ndi la usiku, ndipo ndalama zochepa zimene ndinali nazo ziyenera kupita kukhola logona, osati kumpanda wa bwalo lonse.

Khola latsopano ndinalikweza m'mwamba, mita imodzi kuchokera pansi, pa nsanamira za bulugama. Pansanamira iliyonse ndinaveka chidutswa cha lata chopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi, kuti khoswe kapena njoka ikakwera ifike pamenepo n'kubwerera. Makoma ndi a zigwagwa za paini wa ku Chikangawa, zimene kuno ku Mzuzu n'zosasowa komanso n'zotsika mtengo kuposa matabwa. Vuto la zigwagwa n'lakuti sizigwirana bwino, ndipo zikauma mipata imakula. Kalipentala amene ndinamuitana ankafuna kusiya choncho, ati nkhuku zizipuma mpweya wabwino.

"Bambo, mpweya ndikuufuna, koma ulowere m'mwamba. Paliponse pomwe ndingalowetse zala ziwiri, patsekedwe," ndinawauza.

Tinakuta mkati monse ndi waya wa maso aang'ono, wa mamilimita 13, ndipo mawindo a mpweya tinawaika pansi pa denga, nawonso otchinga ndi waya yemweyo. Waya wa maso aakulu uja umene anthu amakonda chifukwa cha mtengo umatsekereza nkhuku kuti zisatuluke, koma khoswe amadutsa, mwanapiye amatulutsa mutu, ndipo galu wanjala amaung'amba. Pansi pa khola tinayala timitengo totalikirana pang'ono kuti zitosi zizigwa zokha, kunsi kwake n'kuikanso waya. Malo amene amaiwalika ndi pamene denga lakumana ndi khoma: mizere ya malata imasiya timabowo, ndipo vumbwe ndi katswiri pokwera. Tinatsekamo ndi timatabwa todula.

Nsanamira ndinazipaka oyilo wakutha wa galimoto chifukwa cha chiswe ndi linthumbu. Amene sanaonepo linthumbu litalowa m'khola nthawi ya mvula angaganize kuti ndikukokomeza. Limabwera usiku mumzere, thadzi lofungatira silithawa msanga, ndipo anapiye a masiku ochepa amatha onse. Phulusa lowaza mozungulira nsanamira limathandiza, koma likanyowa lathera pomwepo, ndiye kuno kumene mvula imatha kugwa mpaka mu Epulo ndi Meyi, ndi ntchito yobwereza kawirikawiri. Udzu wozungulira khola ndimaulambula mpaka dothi lioneke, ndipo milu ya njerwa ndi nkhuni ndinaisamutsira kutali, chifukwa m'menemo ndi mogona makoswe, ndipo kumene kuli makoswe njoka sichedwa. Madeya otsala sindiwasiya m'khola usiku.

Pachitseko ndinaika mahinjesi atatu okhomera mkati ndi loko. Sindidzinamiza kuti loko angaletse wakuba wotsimikiza mtima, koma amamuchedwetsa, ndipo khola ndinalimanga moyandikana ndi zenera la chipinda chogona kuti phokoso lililonse ndilimve. Makwerero a nkhuku ndimawachotsa madzulo aliwonse ndikatha kuwerenga. Kuwerenga kumeneku ndi ntchito ya mwana wanga wamkazi, ndipo ndi iye amene amazindikira msanga ngati thadzi lina layamba kugona m'nthochi. Nkhuku yozolowera kugona mumtengo imavuta kuisintha: ndinachita kuzitsekera m'khola latsopano pafupifupi sabata, ndikuzipatsa chakudya ndi madzi momwemo, kenaka n'kumaziwazira madeya pang'ono pakhomo la khola dzuwa likamapendeka, mpaka zinayamba kubwera zokha.

Za usiku zitatha, zinatsala za masana, ndipo apa nkhani yonse ndi anapiye. Thadzi limafungatira masiku 21, limaswa anapiye khumi kapena kuposa, koma mukalilekerera kuyenda nawo m'tchire, ofika pa msoti amakhala owerengeka. Akabawi amachuluka kuyambira cha mu Ogasiti mpaka m'nyengo ya mvula, pomwe akhwangwala ali nafe chaka chonse, makamaka kufupi ndi kumene anthu amataya zinyalala. Ndinapanga kakhola kopepuka ka waya, kotchinga pamwamba, kotheka kukanyamula anthu awiri. Thadzi ndi ana ake amakhala mmenemo masabata 6 mpaka 8, ndipo tsiku lililonse timakasuntha kuti apeze udzu watsopano ndi tizilombo. Zimenezi zikutanthauza kuti chakudya ndi cha ine: gaga wosakaniza ndi usipa wosinja ndi soya wokazinga, kapena chakudya chogula cha anapiye ndalama zikapezeka. Mu Juni ndi Julaye, kuzizira kwa Mzuzu kumapha anapiye mwakachetechete kuposa kabawi, choncho kakholako ndimakafunditsa masaka usiku ndipo sindikatulutsa kunja mame asanaume.

Ena amapaka anapiye mankhwala a GV kuti asinthe mtundu, akuti kabawi amasokonezeka. Ena amapachika ma CD akale kapena kukunga zingwe pamwamba pa bwalo. Zingwezo ndinaziyesa ndipo kabawi amazengereza ndithu kutsika, koma khwangwala ndi wochenjera, amatera patali n'kubwera wapansi. Chimene ndinaona kuti chimathandiza nkhuku zikuluzikulu ndi pobisala. Ndinasiya chinangwa ndi nthochi zingapo pakati pa bwalo, ndipo tambala akangolira kochenjeza, zonse zimathamangira kunsi kwake. Tambala watcheru sindimupha pa Khirisimasi, ngakhale alendo atachuluka bwanji.

Nkhani ya galu amene anandiphera nkhuku inali yovuta mwa mtundu wina, chifukwa galuyo anali wa a neba amene timatunga madzi pampopi umodzi. Anthu anandilangiza zoika tameki m'nyama. Ndinakana. Poizoni sasankha: angadye ndi mphaka wanga, nkhuku zanga zomwe, kapena mwana wongokwawa wa pakhomo lina, ndipo udani wake sutha. Ndinanyamula nkhuku yophedwayo m'thumba n'kupita nayo.

"Odi amayi! Pepani ndakudzidzimutsani m'mawa uno. Sindinabwerere mlandu, koma ndati muone nokha zimene wachita galu wathuyu."

"Ayi bambo, pepani kwambiri. Anawa ndiwo amamumasula ine ndikapita kumsika."

Tinagwirizana kuti galu azimangidwa masana n'kumasulidwa usiku nkhuku zitalowa, zomwe zimandithandizanso ineyo pa nkhani ya akuba. Anandipatsa msoti umodzi, ndipo sindinawerengere kuti zophedwa zinali zingati. Zikanakanika ndikanapita kwa amfumu a m'dera lathu, koma sizinafike pamenepo. Mpanda wa mbali imeneyo ndinaukwirira waya masentimita 30 pansi, chifukwa galu akalephera kudumpha amakumba.

Pali imfa ina imene imanamizira zilombo. Mukapeza nkhuku zakufa m'khola lotseka bwino, zopanda bala, zina zili zyolizyoli mapiko atagwa ngati zavala jekete, zikutsegula m'mimba zobiriwira, zina khosi litapotoka, chimenecho ndi chitopa, ndipo chikalowa pa nkhuku zosatemera chimatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa. Mankhwala ochiza palibe. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, miyezi inayi iliyonse. Ine ndimatemera mu Malichi, Julaye ndi Novembala. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, choncho timasonkherana ndi makomo oyandikana n'kuitana alangizi a ziweto tsiku limodzi. Nkhuku yodwala kale siitemeredwa.

Mitembo ndimaikwirira dzenje lakuya mita imodzi, kapena kuiwotcha. Ikatayidwa kudzala, agalu ndi akhwangwala amaikokera m'makomo ena, matenda n'kufalikira, komanso zilombo zimaphunzira kuti kuno kumapezeka nyama. Ndikudziwa kuti ndiwo n'zovuta, koma nkhuku yofa yokha pakhomo panga sidyedwa, ndipo zotsala za khola lodwala sindithamangira nazo kumsika. Kumeneko ndi kugulitsa maliro kwa mnzako.

Nkhuku zopulumuka usiku wa chilombo zimasokonezeka. Zanga zinaleka kuikira kwa masiku angapo, ndipo zina zinkakana kulowa m'khola. Yovulala ndimaipatula, n'kutsuka bala ndi madzi ofunda a mchere, kupaka GV, ndi kuisunga m'katoni pamalo otentha, chifukwa zinzake zikaona magazi zimajompha. Bala likafika m'mimba kapena msana ukathyoka, ndimaipha msanga m'malo moisiya kuti ivutike.

Za mumtima nazo zilipo, ngakhale anthu amati ndi nkhuku chabe. Pakhomo ngati langa nkhuku ndi fizi, ndi ndalama ya kuchigayo, ndi ulemu mlendo akafika kuchokera kumudzi. Mwana wanga anali ndi thadzi lake limene anapatsidwa ndi agogo ake, ndipo linali m'gulu la zophedwa. Sindinamunamize kuti lasochera. Tinakwirira limodzi, ndipo mazira amene linasiya tinawaikira thadzi lina lomwe linali litayamba kufungatira. Anaswa angapo, ndipo amenewo ndi ake mpaka lero.

Poyambiranso sindinapupulume. Chikakhala chilombo, ndimagula zina pokhapokha polowera patatsekedwa, chifukwa chilombo chimene chadya bwino chimabweranso mawa lake. Akakhala matenda, ndimachotsa zitosi zonse, kutsuka khola, kuthira laimu, n'kulisiya lopanda kanthu mwezi wathunthu. Nkhuku zatsopano ndimakonda kugula pakhomo la munthu amene ndikudziwa kuti amatemera, osati zam'madengu zapamsika zimene zasakanikirana kuchokera m'midzi yosiyanasiyana, ndipo zikafika zimakhala pazokha masabata awiri zisanakumane ndi zinzake. Misoti iwiri ndi katambala kamodzi ndinakasungitsa kwa mlamu wanga ku Ekwendeni, mogwirizana kuti anapiye tizigawana, kuti tsoka likadzagwa kuno mbewu isadzathe. Iyenso anabweretsa zake ziwiri kwa ine, ndipo katemera wa mu Novembala ndidzapita naye ndekha kuti makola onse awiri atemeredwe sabata imodzi.