Lachinayi ku zimbowera

Ndanyamuka mbandakucha ku Zomba, pofika padoko la Kachulu dzuwa linali litakwera kale. Za msewu wake sindinenapo, msana wanga ndiwo mboni. Mlamu wanga amapikula matemba kwa asodzi a m'kati mwa nyanja ya Chilwa, ndiye lero ndamuperekeza.

Chilwa ndi yosaya. Malo ambiri mwini bwato samapalasa, amangokankha pansi ndi nsungwi yaitali. Mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira m'menemo koma palibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono; ndi amatopenso. Tadutsa chilumba cha Chisi n'kulowa m'tinjira ta m'bango, ndipo utsi ndiwo unayamba kuoneka tisanaone nyumba.

Kamangidwe ka zimbowera, nyumba zoyandama za asodzizi, ndi kophweka. Amapinda bango ndi mlulu, n'kuunjika zina pamwamba mpaka zitachindikala moti munthu n'kuimapo, kenaka akhoma kachisakasa n'kufolera ndi udzu ndi pulasitiki. Zapansi zikamaola amawonjeza zatsopano pamwamba. Ukapondapo pamanyenya ngati matiresi akale, ndipo madzi amatuluka m'mbali mwa phazi. Mbaula ili pachilata, makumba ndi milamba zikuwambidwa pomwepo. Anthu amakhala kuno milungu, ena miyezi, osaponda mtunda. Pali ngakhale tiyirumu yoyandama: tiyi, mandasi, sopo, fodya, ndi kasola kotchajira mafoni.

M'tiyirumumo ndinafunsa bambo wina wa imvi kuti mfumu ya pano ndani. Anthu onse anaseka. "Achimwene, mukufuna kupereka nkhuku kwa ndani? Kuno aliyense anasiya mfumu yake kumudzi." Ndi zoona, mwa amene anali pamenepo ena ndi a ku Phalombe, ena ku Machinga, wina wa tsidya la Mozambique. Makomiti a m'madoko alipo, a zausodzi aboma aliponso ndi malamulo awo a nyengo yotseka nyanja, koma onsewo ali kumtunda.

Chamasana ndaona ndi maso mmene mlandu umathera popanda bwalo. Mnyamata wina anapezeka atavuula miono ya mnzake usiku. Panalibe woitanitsa msonkhano. Mwini miono anangokweza mawu, mabwato n'kumasendera limodzilimodzi, aliyense n'kuponyapo lake. Wina amati amuthamangitse, wina amati ndi mwana. Nkhani inazungulira mpaka mwini tiyirumu anati yemwe wabayo asadzatengenso kanthu pangongole kufikira atabweza. Basi, mnyamata uja anavomera beseni la nsomba. Chimene anaopa si manyazi okha ayi. Kuno anthu akakutembenukira ulibe kogula ufa, ndipo bwato lako likagubuduzika ndi mwera palibe adzapalase kudzakuvuula. Kwathu mlandu ngati umenewu ukanadya masabata, ndi chindapusa cha mbuzi pamwamba.

Koma ndisakometse kwambiri. Pa nkhani ya chimbudzi m'pamene ndaona kuti kusowa mtsogoleri kuli ndi mtengo wake. Munthu amangopita kuseri kwa bango, ndipo madzi omwewo ndi ophikira nsima, ndi akumwanso. Aliyense akudziwa kuti n'zoopsa, koma ndani auze mnzake, ndipo akamange pati? Wakuba amaoneka nkhope, anthu n'kumukhalira pansi. Kolera alibe womuloza chala, ndipo n'chifukwa chake Chilwa imatchuka naye. Wodwala amafunika maola pabwato kuti akafike kuchipatala. M'chaka cha 2016 a unduna wa zaumoyo pamodzi ndi a bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières anabwera ndi katemera wakumwa. Katemerayu ndi wa maulendo awiri, pakati pake masabata awiri, ndiye poona kuti msodzi wa m'zimbowera sungamupeze malo amodzi kawiri, ankamupatsiratu botolo lachiwiri kuti akamwe yekha tsiku likakwana. Ine ndikuti anaganiza bwino: anatengera mmene anthuwo amakhalira, osati mmene kaundula amafunira. Tiyi ndamwa, poti anali wowira. Madzi ndakana mwaulemu.

Bambo wa imvi uja anaona nyanjayi itaphwa mu 1995, n'kuonanso mu 2018. Ya 1968 amangoimva kwa makolo ake. Akuti madzi akathawa palibe amatsanzika kapena kulengeza. Wina amangomasula pulasitiki wake n'kupita, mawa winanso, mabwato n'kutsala pamatope ouma. Madzi akabwerera, anthu abwereranso, osati omwewo onse, n'kumanga pena.

Ngakhale lero anthu atatu amapakira miono, ati nsomba zasamukira cha ku Machinga. Mwini tiyirumu anali kalikiliki kuwawerengera ngongole m'kope lonyowa, ndipo mmodzi anamusiyira wailesi ngati chikole.