Nyumba ya pa Dedza yagulidwa, koma za ejenti woyamba uja zikundiwawabe

Ndalama yomaliza yalowa mu akaunti Lachisanu lapitali, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo tofa nato. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikuvutika ndi nyumba ya zipinda zitatu imene ndinamanga pa boma la Dedza ndili pantchito. Nditapuma ndinabwerera kwathu ku Lizulu, ndipo kulondola ndalama za lendi ndili kutali kunandikwana.

Ejenti woyamba anandipezera ndi mnzanga wa kutchalitchi. Ofesi analibe, ntchito yonse inali pa foni ndi m'magulu a WhatsApp. Tinagwirizana kuti nyumba ipite pa K28 miliyoni, iye atengepo K5 pa K100 iliyonse, koma zonsezi zinathera pakamwa. Kenako anati ogula sakhulupirira fotokope, ndimupatse mapepala enieni a lizi. Ndinapereka. Abale anga, mapepala enieni a nyumba asachoke m'manja mwanu, ejenti mupatseni fotokope basi.

Tsiku lina mu Juni anandiimbira usiku. "Madala, mawa mulawire, wogula akuchokera ku Lilongwe ndi ndalama m'manja." Ndinakwera minibasi kusanache, ndipo odziwa chisanu cha pa Dedza mwezi umenewo andimvetsa. Nkhungu inali itaphimba phiri lonse. Ndinakhala pakhonde pa nyumba yanga yomwe kuyambira 7 koloko mpaka 4 koloko madzulo, foni yake ili yothima. Wogula sanabwere, iyenso sanabwere.

Mayi amene ankachita lendi m'nyumbamo anandimvera chisoni n'kundiphikira tiyi, ndipo ndi amene ananditsegula m'maso. Anati, "Bambo, kodi simukudziwa? Anthu akumabwera pafupifupi sabata iliyonse, aliyense akumalipira K10,000 yoonera nyumba, ndipo mtengo akumauzidwa ndi K35 miliyoni." Bambo wina anafika pa K30 miliyoni koma anabwezedwa, ine mwini nyumba osamva kalikonse. Munthu ndinamukhulupirira, kumulowetsa m'nyumba mwanga, kudya naye nsima, iye akufuna kudyapo K7 miliyoni pamwamba, komishoni ili apo. Chimene chinandiwawa kwambiri si ndalama ya minibasi ayi, koma kuti dzina langa ndi limene linkaipa, anthu ankati mkulu uja ndi wadyera.

Kuti mapepala abwerere panatenga masabata atatu. Anabweza nditapita ndi mphwanga kunyumba kwake n'kumuuza kuti tikachoka pano tikulowera kupolisi.

Ejenti wachiwiri anali mayi wa ofesi yake, ndipo nditapempha kuona chiphaso chosonyeza kuti ndi wovomerezeka, anatulutsa osanyinyirika. Tinalemberana pa pepala mtengo, komishoni, miyezi itatu yoti agwire ntchitoyo, ndiponso kuti aliyense wotchula mtengo, ngakhale wotsika, ine ndiuzidwe tsiku lomwelo. Tinasaina pali mboni.

Ndaiwala chinthu china cha woyamba uja. Khoma la kukhitchini lili ndi mng'alu, ndipo denga limadontha pakona imodzi mvula ikalimba. Iye anati ndingopaka laimu ndikhale chete. Koma mayi a ofesi aja anafunsa okha ngati nyumba ili ndi vuto, ndipo wogula atabwera anamuonetsa mng'aluwo ine ndili pompo. Mtengo unatsikako pang'ono, koma lero tikakumana mumsika wa Dedza ndi bambo amene anagulawo timapatsana moni ndi manja awiri. Uzani ejenti wanu kuti mukufuna kuonana ndi wogula maso ndi maso, mtengo autchule nonse mukumva. Akakana, pali chimene akubisa.

Za mapepala zinayenda ndi loya. Wa wogula anakafufuza ku Lilongwe ngati nyumbayo ilidi m'dzina langa komanso ngati sinaikidwe chikole ku banki. Poti malowo ndi a lizi, panafunika chilolezo cha unduna wa zamalo tisanasinthe umwini, komanso satifiketi ya bungwe lotolera misonkho la MRA yosonyeza kuti za misonkho zili bwino. Apa vuto linali langa, ndinali ndi ngongole ya zaka zinayi ya ground rent (lendi ya malo a lizi yolipira ku boma) ndi ina ya kukhonsolo. Lipiranitu zimenezi musanaike nyumba pamsika, ine zinandidyera mwezi wathunthu.

Wogula anapempha kulipira pang'onopang'ono kwa chaka, ine ndinakana. Tonse tinaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa simenti ndi malata n'kukwera nthawi yomweyo. Tinagwirizana kuti alipire kawiri kokha, ndalama yolowa mu akaunti yanga, osadzera kwa ejenti, ndipo komishoni ndinakapereka ndekha ndalama zitalowa.

Mapepala enieni aja ndinawasunga m'sutikesi kwathu ku Lizulu mpaka tsiku losainirana kwa loya, ndipo ngakhale mayi wokhulupirikayo anangogwira fotokope.